Tithandizeni kusankha: Zanzibar, Bazaruto kapena Ilha de Moçambique?

mayi_wa_ku_Chilomoni

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yativuta kunyumba moti dzulo tinagona wina atayang'ana kwake wina kwake kkkk. Mu Ogasiti ana akatsekera sukulu tikufuna tikaoneko nyanja ya mchere, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri, wamkulu zaka 9 wamng'ono 5. Takhala tikusunga kandalama zaka ziwiri, ndi ya banki m'khonde yomwe ndinagawana mu Disembala ili momwemo, ndiye sindikufuna kuti tikabwerako tizingoti tikanadziwa. Tonse nyanja timadziwa ya ku Mangochi ndi Senga Bay basi.

Bambo akuti Zanzibar chifukwa anzawo a ku ntchito anapitako ndipo sasiya kukamba. Ine ndinaona zithunzi za Bazaruto pa Facebook, mchenga wake kuyera ngati ufa woyera, mtima unangokhala komweko. Ndiye kwabweranso alamu anga akuti iyayi pitani ku Ilha de Moçambique ndi pafupi mutha kupita pa galimoto yanu yomweyi. Usiku wina bambo anatenga pepala nkuyamba kulemba pulogalamu yoti tiyende konse kutatu mu masiku 9, ine ndinangowayang'ana osayankha.

Amene munapitako tiuzeni zoona zake osati za pa zithunzi. Kuli bwino ndi kuti kwa anthu a ana? Ine kusambira sinditha, ndimangofika madzi a m'mawondo. Ndipo ndege ya anthu anayi mwina sitingakwanitse.

wa_Kariakoo

Mayi, choyamba pepala la bambolo libiseni asalionenso kkkk. Zanzibar ili kumpoto kwa Dar es Salaam, Bazaruto ili kumwera kwenikweni kupitirira Beira, masiku 9 onsewo mungathere mu basi ndi pa boda ana akulira. Sankhani kumodzi.

Ine ndimapita ku Dar kukaoda katundu kangapo pa chaka ndipo ku Zanzibar ndawolokerako katatu, ndiye ndinena zomwe ndikudziwa. Pa msewu kuchokera ku Blantyre musadzinamize, ndi masiku awiri kupita awiri kubwerera. Mumadutsa Mzuzu, Karonga, boda ya Songwe, kutsidya ndi Kasumulu, kenako Mbeya kapena Kyela mumakwera basi ya m'bandakucha yomwe imakafika ku Dar usiku. Chokoma chake msewuwo umadutsa pakati pa Mikumi National Park ndiye mukakhala ndi mwayi ana aona akadyansonga ndi njovu pa windo ulere. Viza ya Tanzania ife a Malawi sitilipira, koma aliyense akhale ndi pasipoti yake ndi ana omwe, ndipo musaiike pansi pa chikwama mukafika ku Dar chifukwa potsika boti ku Zanzibar amaifunanso ngati mukulowa dziko lina. Komanso kuyambira Okutobala 2024 kuli inshuwalansi yokakamiza ya alendo, pomwe inkayamba inali $44 munthu wamkulu, imeneyo muiike mu bajeti isakudzidzimutseni.

Boti lothamanga kuchoka ku Dar limatenga pafupifupi maola awiri. Tikiti mukagule pa ofesi yeniyeni mkati, pa geti pamakhala anyamata ambiri amakuthamangira kukulanda chikwama akuti akuthandizeni, ine ulendo oyamba wina ananditengera ku kaofesi kena kuseri nkundidula mtengo owonjezera ndinazindikira ndili kale m'boti. Ndipo mu Ogasiti kumakhala mphepo ya kumwera yomwe iwo amati kusi, ili ngati mwera wathu uja, ndiye pobwerera ku Dar makamaka boti la masana limagwedeza osati masewera, amagawa timapepala tosanziramo. Kwerani la m'mawa, ana asadye zamafuta.

Tsopano chinthu chomwe palibe anandiuza, ndipo kwa ife ozolowera nyanja ya kwathu ndi chachilendo kwambiri: madzi a kumeneko amathawa. Kawiri pa tsiku amaphwa nkubwereranso. Mbali ya kum'mawa ngati Paje ndi Jambiani ukhoza kudzuka m'mawa nkupeza nyanja ili kutali uko, patsogolo pako pali matope oyera ndi miyala ndi azimayi akulima ndere za m'nyanja zomwe amagulitsa, ndiye ngati unabwerera kusamba umadikira maola. Ine tsiku loyamba ndinaona ngati andinamiza pa loji. Kumpoto ku Nungwi ndi Kendwa madzi sathawa kwambiri, mumasamba nthawi ili yonse, koma kumadzadza anthu komanso mitengo ndi yokwera. Kwa mwana wa zaka 5 ndi mayi osatha kusambira ine ndinganene kuti kum'mawako sikoipa ayi, madzi akaphwa mumayenda mtunda wautali ali m'mawondo momwe mukufunamo, bola mugule tinsapato ta pulasitiki chifukwa pansi pamakhala tizilombo takuda taminga ngati kanungu, ukaponda tchuthi chathera pomwepo.

Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, mugoneko masiku awiri. Madzulo ku Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja m'tauni momwemo, amawotcha nsomba ndi zina za m'nyanja panja, funsani mtengo musanadye. Pali kachilumba kena pafupi, Changuu, ena amati Prison Island, kuli akamba akuluakulu oti mwana wanu wamng'onoyo amuposa, ndi kaulendo ka bwato kosakwana ola. Ndipo mukalowe mu tchalitchi cha Anglican chomwe anamanga pamalo pomwe panali msika wa akapolo, msikawo unatsekedwa mu 1873. Ine sindine munthu olira koma nditalowa mu tizipinda ta pansi tomwe amati ankasungiramo akapolo ndikukumbukira zomwe tinaphunzira ku pulayimale za Jumbe ku Nkhotakota, kuti ena mwa anthu ogulitsidwa apa anachokera kwathu konkuno, ndinatuluka ndili chete.

Anthu ake ambiri ndi Asilamu ndiye m'tauni valani zotalika, chitenje chanu chomwecho chikwanira.

Nachisale_wa_pa_Muloza

Asisi, alamu anuwo sananame. Ife tinapita ku Ilha ndi amuna anga ndi ana atatu pa kagalimoto kathu, ndipo kwa munthu okhala ku Blantyre ndi komwe kuli kufupi pa zitatuzo. Mumatulukira pa Muloza kulowa Milange, kenako Mocuba, Alto Molócuè, Nampula. Ife tinagona ku Nampula, m'mawa mwake makilomita ngati 180 otsalawo tinangotsetsereka. Kulinso njira ya ku Chiponde kudutsa Mandimba ndi Cuamba koma kwa inu ya Mulanje ndiye yachidule. Boti simukwera ayi, pali mlatho wautali makilomita oposa 3 wochoka kumtunda mpaka pa chilumba, ndi wopapatiza oti galimoto imodzi basi, muli timalo tokhotera kuti mnzako adutse, ana anga ankakuwa njira yonse madzi uku ndi uku.

Koma ndikuuzeni chilungamo kuti musadzandinene. Ilha si malo a mchenga ngati zithunzi za Bazaruto munaonazo. Ndi tauni yakalekale pa kachilumba kotalika makilomita 3 okha, mukhoza kukayenda wapansi kuchoka uku kufika uko. Linali likulu la Mozambique nthawi ya Apwitikizi mpaka 1898 asanasamutsire ku Lourenço Marques komwe pano ndi Maputo, ndiye nyumba zake ndi zamiyala zazikulu, zina anakonza zili bwino zina zikugumuka mitengo yamera m'makoma. Kumapeto kwake kuli linga lalikulu la São Sebastião, ndipo kuseri kwa lingalo kuli katchalitchi kakang'ono komangidwa mu 1522, kali pamwala madzi akumenya pansi pake. Mwana wanga wamkulu amakonda mbiri ndiye ankangofunsa mafunso mpaka otiperekezayo anatopa. Mbali inayo ndi Makuti komwe kumakhala anthu ambiri, nyumba zofolera ndi masamba a kokonati zothithikana, ndipo magombe a mbali imeneyo sikosambako, ndingonena choncho mwamva.

Kusamba kwabwino mumachita kukwera bwato la thanga. Amakupititsani ku Ilha de Goa, kachilumba kopanda anthu komwe kuli nsanja ya nyali yowongolera sitima, kapena kutsidya ku Cabaceira ndi Chocas Mar komwe mchenga wake ndi omwewo mukuufunawo. Eni mabwato amanyamuka motsatira madzi osati wotchi yanu, akati 6 koloko ndi 6 koloko chifukwa mukachedwa madzi aphwa bwato likhala pa mchenga. Ndipo muumirire majekete oyandamitsa a ana musanakwere, ife wina anatiuza kuti ali m'bwato, titafika munalibe, amuna anga anakana kukwera mpaka anathamanga kukabwereka. Mu Ogasiti ndi nyengonso yomwe anamgumi amadutsa m'mbali imeneyo, ife tinaona awiri chapatali akupemerera madzi m'mwamba.

Chomwe chinandisangalatsa ine, ndine Mlomwe wa ku Mulanje, anthu a kumeneko amalankhula Chimakuwa ndiye mawu ena ndimamva ndithu, pa msika ndikapereka moni wa kwathu azimayi ankaseka nkundiwonjezera nsomba. Azimayi ake ena amadzola zoyera kumaso amati musiro, mwana wanga wamng'ono poyamba anathawa kkkk. Chingelezi sichiyenda kwenikweni kunja kwa malo ogona, phunzirani timawu ta Chipwitikizi, bom dia, obrigada, quanto custa, zikuthandizani. Chakudya musaope, nsima ilipo amati xima, mpunga wa kokonati, ndi matapa yomwe ndi chigwada chathu chomwechi koma chothira nsinjiro ndi kokonati.

Za galimoto: mapepala onse akhale oyambirira osati fotokope, pa boda mudula chilolezo cholowetsera galimoto ndi inshuwalansi ya komweko, mukhale ndi matrayango awiri ndi kajekete kowala kaja, ndipo polowa m'matauni tsitsani liwiro zenizeni chifukwa malo oimitsa magalimoto ndi ambiri. Usiku musayende.

mayi_wa_ku_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse awiri. Koma asisi a pa Muloza, za nkhondo timamva pa wailesi zija sikomweko? Bambo akangomva zimenezo basi nkhani yatha.

Nachisale_wa_pa_Muloza

Funso labwino. Zigawengazo zinayamba mu 2017 ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwenikweni kumalire ndi Tanzania, kuja kuli Palma ndi Mocímboa da Praia. Ndi chifukwa chake palibe amene wakutchulirani Ibo ndi zilumba za Quirimbas ngakhale anthu amati ndi zokongola koopsa, kumeneko ndi ana ayi musapite. Ilha ili m'chigawo cha Nampula. Koma sindikunamizani kuti ndi kutali ngati kumwamba, mu 2022 zinafikako ku maboma a kumpoto kwa Nampula ngati Memba, ndiye sabata yoti munyamuke mumvere nkhani komanso muimbire a pamalo ogonawo muwafunse mmene kulili. Malo ogona musalipiretu ndalama zonse.

mjoni_wa_ku_Randburg

Ndalowa mochedwa koma ndiyankhepo za Bazaruto poti palibe wazikhudza. Mayi zithunzi munaonazo si zabodza, malowo ali choncho ndithu mwinanso kuposa. Koma ambiri sadziwa kuti kugona pa zilumba zenizenizo ndi kwa anthu a madola ambirimbiri, usiku umodzi pa maloji a pa chilumba cha Benguerra utha kudya banki m'khonde yanu yonse ndi ya anzanu a m'gulu. Anthu wamba ngati ife timagona kumtunda ku Vilankulo nkumapita pa zilumba m'mawa kubwerako madzulo.

Zilumba zake zilipo zisanu, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kena kakang'ono Bangué, zonse ndi paki ya boma kuyambira 1971 ndipo pano amayendetsa mothandizana ndi African Parks omwe aja ali ku Majete ndi Liwonde, ndiye pali ndalama yolowera paki pamwamba pa ya bwato, muzifunsa ngati ili kale mu mtengo omwe akuuzaniwo. Kwa ana ine ndimati Magaruque, ndi yapafupi, madzi ake ndi odekha ndipo nsomba zamitundumitundu umaziona uli chiimire pafupi ndi gombe, amakuphikirani nkhomaliro pa mchenga pomwepo, nsomba, nkhanu, mpunga. Ulendo wa ku Bazaruto yeniyeniyo ndi Two Mile Reef, miyala ya pansi pa nyanja yoonerapo nsomba, ndi wa boti la injini, umadula komanso umafuna odziwa kusambira, koma phiri la mchenga lija ukalikwera nkuyang'ana pansi madzi obiriwira mbali zonse, eeh. M'madzi amenewo mumakhalanso dugong, chinyama chonenepa chodya udzu wa pansi pa nyanja ngati ng'ombe, zatsala zochepa kwambiri mbali yonse ino ya Africa, ine maulendo awiri sindinaione.

Vuto lanu ndi njira. Ife ochokera ku Joni timalowera Komatipoort, Maputo, Xai-Xai nkukwera, zimatheka bwino. Inu kuchoka ku Blantyre ndi Mwanza, Zóbuè, Tete, Chimoio, Inchope kenako msewu waukulu wa EN1 kutsika mpaka kuwoloka mtsinje wa Save, ndipo chigawo cha Inchope mpaka Save chimadziwika ndi maenje, msuweni wanga anaphulitsa matayala awiri tsiku limodzi pa kagalimoto kotsika. Ngati yanu ndi ka Sienta kapena ka Vitz ganizani kawiri. Masiku awiri athunthu kupita.

Nyengo mwasankha bwino. Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya anamondwe, Freddy uja asanabwere kudzatipweteka kwathu mu Malichi 2023 anayamba watera kufupi ndi Vilankulo mu Febuluwale. Ogasiti kulibe zimenezo, kungoti madzi amazizirirako pang'ono ndipo madzulo kumafuna juzi.

Kwa anzanga muli kuno ku Joni mukuwerenga, musavutike ndi kutali, Inhaca ili pamaso pa Maputo pomwepa, wikendi yaitali imakwana.

mwana_wa_pa_Chipyela

Inu anthu mukundiseketsa. Madola akusowa chonchi m'mabanki, munthu ukafola mwezi wathunthu osapatsidwa, ndiye mukatenge ndalama ya banki m'khonde mukasinthe pa mtengo wa pa msewu kuti mukaone chilumba, chilumba kwanu kuno chilipo? Bwerani ku Likoma. Mchenga ulipo, malambe ali mbwee, madzi oyera oti ukuona zala zako pansi, opanda mchere woyabwa m'maso, sathawanso ayi ali pomwepo m'mawa ndi madzulo. Tchalitchi cha St Peter's anayamba kumanga mu 1903 amishoni a UMCA omwewo anamanga cha ku Zanzibar chomwe achimwene a Kariakoo akuchitamacho, kukula kwake mukadzaona simudzakhulupirira kuti chili pa kachilumba. Mukwera Ilala pa Nkhata Bay, mulipira makwacha, pasipoti osafunika ngakhale tili m'madzi a Mozambique, mukafuna muwolokere ku Chizumulu tsiku limodzi. Ana adya chambo ndi kondowole. Mwafikako kale kapena mukungodumpha?

wa_Kariakoo

Achimwene a ku Likoma mwanena zoona za madola, pamenepo sindikutsutsani, ndi mutu wanga wa mwezi ndi mwezi. Koma mayiwa anena kuti akufuna nyanja ya mchere, asiyeni ana akalawe madziwo alavule okha kkkk. Komanso musabise kuti Ogasiti ndi nthawi ya mwera, ndipo kutsika Ilala pa Likoma ndi mwana wa zaka 5 nyanja itakwiya si nkhani yophweka kwa mayi oti sasambira.

Mayi ndiwonjezere kamodzi. Wina akakuuzani za Pemba mufunse kuti iti, ilipo Pemba chilumba cha ku Tanzania kumpoto kwa Zanzibar, iliponso Pemba tauni ya ku Mozambique ku Cabo Delgado komwe akuletsani kuja. Mnzanga wina anatsala pang'ono kubukitsa kolakwika pa intaneti. Chilumba cha Mafia nachonso chisiyeni kaye, anthu amapitira zinsomba zikuluzikulu zija amasambira nazo ndipo nyengo yake imayamba cha mu Okutobala, komanso ndi kwa odziwa madzi.

mwana_wa_pa_Chipyela

Mwera ulipo inde sindikana. Bwerani Okutobala ndiye, nyanja imakhala ngati galasi. Ndikudikirani.

mayi_wa_ku_Chilomoni

Ndawawerengera bambo zonsezi usiku, pepala lija ang'amba okha. Bazaruto ndaigonja ndi mtima owawa, galimoto yathu ndi ka Sienta komwe mwatchulako a ku Randburg, anaseka mpaka kutsamwa. Zanzibar tawerengetsa masiku 4 a mu basi kuchotsa pa 9, kuphatikiza boti ndi inshuwalansi ya anthu anayi zonse mu madola, akuti imeneyo tidzapite awiri ana akadzakula. Ndiye zikuoneka ngati Ilha, masiku atatu pa chilumba awiri ku Chocas, tikamva kuti kuli bata. A ku Likoma musakwiye, wamkuluyu wamva za Ilala ndiye wayamba kale kuvuta.

Asisi a pa Muloza ndikufunseninso, ndalama munasinthira pa boda kapena ku Nampula, ndipo makhadi a banki za kuno amagwira pa makina a kumeneko? Komanso pasipoti ya wamng'onoyu sinatuluke mpaka pano, tinapanga mu Epulo.

Nachisale_wa_pa_Muloza

Ife tinasintha pang'ono pa Milange za mafuta ndi chakudya cha panjira, werengani ma meticais anu kawiri pamaso pa osinthayo musanapereke makwacha. Khadi yathu ya Visa inagwira ku Nampula, pa chilumba makina analipo koma tsiku lina munalibe ndalama ndiye tapani zokwanira musanachoke mu tauni, ndipo mupite kaye ku banki yanu akakutsegulireni kuti igwire kunja. Mafuta thirani full pa Mocuba. Za pasipotiyo yambani kulondola mawa lomwe, musadikire Julayi, ndipo kalata yake yobadwira muitengenso pa ulendo.